Mbale ya ku New Haven: Bwalo la Yale Bowl ndi Mawu Amene Linabala

Mawu oyamba

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti mpikisano waukulu wa mpira wa ku America, umene umaonetsedwa pa wailesi yakanema kumayambiriro kwa chaka chilichonse, dzina lake ndi "Super Ball". Sindingalidzudzule kwambiri khutu langa. Chichewa chili ndi mavawelo asanu okha, choncho mawu a Chingerezi akuti "ball" ndi "bowl" amafika m'khutu mwathu ngati mawu amodzi. Ndipo popeza nkhani yake ndi ya mpira, ndinalibe chifukwa chokayikira. Tsiku limene ndinaona dzinali litalembedwa ndinadabwa kupeza kuti ndi "Super Bowl". Mawu akuti "bowl" amatanthauza mbale yolowa, ya mtundu wa bakuli, yodyeramo phala kapena kupakuliramo ndiwo. Nanga mbale ikudzatani pa nkhani ya mpira?

Funso limeneli linandifikitsa, kudzera m'kuwerenga, ku mzinda wa New Haven m'chigawo cha Connecticut, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la United States. Kumeneko kuli yunivesite ya Yale, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1701, ndipo chakumadzulo kwa mzindawu kuli bwalo la zamasewero la yunivesiteyi, lotchedwa Yale Bowl. Mu nkhani ino ndifotokoza mbiri ya bwaloli, mamangidwe ake, zinthu zimene lili nazo ndi zimene lilibe. Mfundo yanga ndi yakuti maonekedwe a bwaloli anachokera pa vuto lenileni, lofuna kukhazika khamu lalikulu pamalo amodzi, ndipo maonekedwe amenewo anabala mawu amene lero akula kuposa bwalo lenilenilo. Kwa ife ophunzira za zilankhulo, ichi ndi chitsanzo cha momwe mawu amachokera pa zinthu zimene anthu apanga ndi manja awo, kenako n'kuzisiya m'mbuyo.

Masewero amene anasowa pokhala

Tisanalowe m'bwalomo, ndi bwino tidziwe kaye masewero ake. Mpira umene anthu a ku America amautcha "football" si mpira wamiyendo umene tinauzolowera. Mpira wake ndi wooneka ngati dzira, ndipo nthawi zambiri umanyamulidwa m'manja kapena kuponyedwa. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthire kutsogolo mayadi 10, ndipo ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Malo osewererapo ndi otalika mayadi 120, kuphatikizapo pogoletsera pa mbali zonse ziwiri, ndiye kuti pafupifupi mamita 110, pamene m'lifupi ndi pafupifupi mamita 49.

Masewerowa sanakulire m'makalabu ngati momwe mpira wamiyendo unakulira ku England. Anakulira m'sukulu za ukachenjede. Mpikisano woyamba wa pakati pa makoleji unachitika m'chaka cha 1869 pamene Rutgers inakumana ndi Princeton, ndipo Harvard ndi Yale zinakumana koyamba m'chaka cha 1875. Munthu amene anawapatsa masewerowa malamulo owasiyanitsa ndi ragibe anali Walter Camp, amene anaphunzira ndi kusewera ku Yale. M'chaka cha 1880 iye anatsogolera kusintha kwakuti osewera akhale 11 m'malo mwa 15, komanso kuti matimu aziyamba gawo lililonse la sewero atandanda moyang'anizana. M'chaka cha 1882 anabweretsa lamulo lopatsa timu mwayi wowerengeka woti isunthe ndi mpira. N'chifukwa chake Camp amatchedwa tate wa mpira wa ku America, ndipo Yale inali timu yoopedwa kwambiri m'zaka zimenezo.

Kutchuka kunabwera ndi vuto lake. Anthu ofuna kuonerera anachuluka kuposa malo okhala. Oonerera ankakhala pa nsanja za matabwa zimene zinkawola, zinkafuna kukonzedwa chaka ndi chaka, komanso zikanatha kugwira moto. Harvard ndiyo inayamba kuthetsa vutoli. M'chaka cha 1903 inamanga Harvard Stadium, bwalo lalikulu loyamba m'dzikomo lomangidwa ndi konkireti wokhala ndi zitsulo m'kati. Bwaloli linamangidwa ngati chilembo cha U, lotseguka mbali imodzi, potsanzira mabwalo a Agiriki akale.

Pali nkhani ina ya bwalo la Harvard imene ikutithandiza kuona mphamvu ya chinthu chomangidwa. M'chaka cha 1905 osewera oposa 15 anamwalira chifukwa cha kuvulala pa masewerowa, mpaka pulezidenti Theodore Roosevelt anaitanitsa akuluakulu a mpira a Harvard, Yale ndi Princeton kuti akambirane. Ganizo limodzi, limene Camp ankalikonda, linali lokulitsa bwalo m'lifupi kuti osewera asamaunjikane pamodzi. Koma konkireti wa ku Harvard anali atauma kale, ndipo panalibe poti n'kukulitsira. Mwa zina, ichi n'chimene chinachititsa kuti m'chaka cha 1906 opanga malamulo alole njira ina, yoponya mpira kutsogolo, imene lero ndiyo mtima wa masewerowa. Bwalo la Harvard linaumba malamulo. Tiona kuti la Yale linaumba chilankhulo.

Kukumba m'malo moimika

Yale sikanalola kuti mdani wake wakale aipose. Anthu amene anaphunzirapo pa yunivesiteyi anasonkha ndalama, ndipo pulani imene inasankhidwa inali ya injiniya wina, Charles A. Ferry, amene anamaliza maphunziro ake ku Yale komweko m'chaka cha 1871. Ganizo la Ferry linali losavuta kulimvetsa, ngakhale kuti palibe amene anali atalichitapo pa bwalo lalikulu chotero. M'malo moimika zipilala ndi makoma ataliatali oti asenze mipando, iye anati pakumbidwe dzenje lalikulu lozungulira motalikirako ngati dzira, ndipo dothi lotuluka m'dzenjemo liunjikidwe m'mphepete mwake kuti lipange chitunda chozungulira. Malo osewererapo akhale pansi pa dzenjelo. Mipando iyambire m'munsimo n'kumakwera motsatira kutsetsereka kwa dzenje, kenako ipitirire pamwamba pa chitundacho.

Nzeru ya pulaniyi ili pa mfundo zingapo. Choyamba, dothi lokumbidwa silinapite kukatayidwa kutali, chifukwa lomwelo ndilo linasanduka chomangira. Ntchito imodzi inabala zinthu ziwiri: dzenje ndi chitunda. Chachiwiri, katundu wa anthu zikwizikwi akusenzedwa ndi nthaka, osati zipilala. Konkireti wake wangoyalidwa pamwamba pa dothi ngati masitepe, ndipo mabenchi a matabwa aikidwa pamasitepepo. Chachitatu, popeza palibe denga kapena nsanja yachiwiri, palibenso mzati woti utchinge maso a munthu. Aliyense, kaya wakhala kumunsi kaya kumtunda, akuona bwalo lonse.

Funso lina linali la kalowedwe. Kodi anthu 70,000 angalowe bwanji m'dzenje lozingidwa ndi chitunda popanda kupondana? Yankho linali mipita 30 yoboola chitundacho mozungulira bwalo lonse. Munthu amalowa mumpita ali pa nthaka yofanana ndi ya kunja, amayenda pang'ono mumdima, kenako amatulukira pakati pa mipando, ina ili kumunsi kwake, ina kumtunda kwake. Motero palibe amene amakwera masitepe onse kuchokera pansi. Kunja bwaloli silioneka lalikulu kwenikweni, chifukwa mbali yaikulu yabisika m'nthaka. Ukulu wake umaoneka munthu akatuluka mumpita muja.

Ntchito yomanga inayamba m'chaka cha 1913 ndipo inatha m'chaka cha 1914. Inadya ndalama zokwana madola 750,000. Bwalo lonse ndi lotalika pafupifupi mamita 283, m'lifupi pafupifupi mamita 229, ndipo litangotha linali ndi malo a anthu 70,896. Panthawiyo panalibe bwalo lina la zamasewero ku America lofanana nalo kukula. M'chaka chomwecho Princeton inatsegula bwalo lake la Palmer Stadium, koma ilo linatsatira njira ya Harvard, ya chilembo cha U. La Yale lokha ndilo linali lotsekeka mbali zonse.

Apa ndi pamene panabwera nkhani ya dzina. Mawu akuti "stadium" anachokera ku Chigiriki, kumene "stadion" unali muyeso wa mtunda wa mamita pafupifupi 180, komanso dzina la malo othamangirapo mtunda umenewo. Malo otere ankakhala ataliatali, nthawi zambiri otseguka mbali imodzi, monga momwe la Harvard lilili. Bwalo lozungulira mbali zonse Aroma ankalitcha "amphitheatrum". Koma bwalo la Yale silinatenge dzina lachikale ngati limeneli. Linatenga dzina la chiwiya cha kukhitchini, chifukwa munthu akaima pamwamba pa chitunda n'kuyang'ana pansi, chimene akuona ndi mbale: yozungulira, yolowa pakati, yokhala ndi mlomo pamwamba.

Bwaloli linatsegulidwa pa 21 November 1914 ndi masewero a pakati pa Yale ndi Harvard. Alendo sanachite manyazi pakhomo pa eni ake. Harvard inapambana ndi mapointi 36 kwa 0.

Zimene bwaloli lili nazo ndi zimene lilibe

Pulani ya Ferry inathetsa bwino vuto la pokhala ndi poonera, koma inasiya mavuto ena amene thupi la munthu silingawazembe. Yale Bowl inatsegulidwa ilibe zimbudzi zokhazikika za oonerera, ndiponso ilibe zipinda zoti osewera azisinthiramo zovala. Zimenezi zikugwirizana ndi mamangidwe ake. M'bwalo loimikidwa pa zipilala, kunsi kwa mipando kumakhala mpata waukulu umene umasanduka zipinda, zimbudzi, maofesi ndi mogulitsira zakudya. M'bwalo la Yale kunsi kwa mipando kuli dothi lokhalokha. Chimene chinapangitsa kuti bwaloli likhale lolimba ndi chomwecho chimene chinalimana zipinda. Zimbudzi zinadzamangidwa patapita zaka, ngati tinyumba tapadera kunja kwa chitunda.

Nkhani ya osewera inatha mwa mtundu wina. Iwo anazolowera kuvalira m'nyumba ina yapafupi, imene masiku ano imatchedwa Smilow Field Center, kenako n'kuyenda wapansi mtunda wa mamita pafupifupi 200 kupita ku bwalo. Pakupita kwa nthawi, chimene chinayamba ngati chosowa chinasanduka mwambo. Osewera amayenda pakati pa ochemerera, gulu loimba la yunivesite likuwatsogolera, ndipo ulendowu uli ndi dzina lake, Bulldog Walk, potengera galu amene ndi chizindikiro cha matimu a Yale. Komabe si onse amene anaukonda mwambowu. Timu ya New York Giants, ya mu ligi yaikulu ya NFL, inabwereka bwaloli m'zaka za 1973 ndi 1974 pamene inalibe bwalo lakelake, ndipo osewera ake, amene anazolowera kupeza zonse pamalo amodzi, ankadandaula nazo. M'masewero 12 amene anasewera pamenepo anapambana amodzi okha.

Zina zinawonjezedwa pang'onopang'ono. Camp atamwalira m'chaka cha 1925, anamangira chipata chachikulu cha zipilala chomukumbukira, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 1928, ndipo ndi chimene chimalandira anthu opita ku mabwalo a zamasewero a Yale. Kunabwera chikwangwani chachikulu choonetsa mapointi ndi nthawi, komanso chipinda cha atolankhani pamwamba pa mlomo wa mbale ija. M'chaka cha 1987 boma la United States linaika bwaloli pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri m'mbiri ya dzikolo. Ulemu umenewu sunaletse mvula ndi chisanu kugwira ntchito yake. Madzi akalowa m'ming'alu ya konkireti n'kuundana nthawi yozizira, amafufuma ndi kukulitsa ming'aluyo, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1900 mipita ndi makoma ochirikiza chitunda anali atayamba kugumuka. Ntchito yaikulu yokonzanso inatha m'chaka cha 2006, ndi thandizo la anthu amene anamaliza maphunziro awo m'chaka cha 1954, mwakuti malo osewererapo anapatsidwa dzina lakuti Class of 1954 Field. Kusintha kosiyanasiyana kwachepetsa malo okhala kufika pa 61,446. M'chaka cha 2019 kapinga wachilengedwe anachotsedwa n'kuyalapo wochita kupanga.

Chinthu china chimene bwaloli linakhala lopanda kwa zaka zoposa 100 ndi magetsi okhazikika ounikira usiku, ndipo zimenezi zinaonekera poyera pa 23 November 2019. Pa masewero a Yale ndi Harvard a chakacho, ophunzira a m'mayunivesite onse awiri analowa m'bwalo nthawi yopumulira n'kukhala pansi, pofuna kukakamiza sukulu zawo kuti zichotse ndalama zimene zinaika m'makampani a mafuta ndi malasha, amene amawonjezera vuto la kusintha kwa nyengo. Masewero anachedwa kuyambiranso ndi pafupifupi ola lathunthu. Atatha nthawi yake matimu ali ofanana mphamvu, anapitirira m'nthawi yowonjezera kawiri, dzuwa litalowa kale. Yale inapambana 50 kwa 43 kukuchita mdima. Ferry anamanga bwalo la masana, la nthawi imene wailesi yakanema kunalibe, ndipo tsiku limenelo zaka za bwaloli zinaonekera.

Mbale yaikulu, ndiwo zochepa

Zaka zoyambirira za bwaloli zinali za ulemerero. M'chaka cha 1923 anthu pafupifupi 80,000 anadzaza pa masewero a Yale ndi timu ya sukulu ya asilikali ya Army, ndipo chiwerengero chimenechi sichinapitiriridwe mpaka lero. M'chaka cha 1929 mnyamata wochepa thupi wa mu New Haven momwemo, Albie Booth, anagoletsa yekha mapointi onse 21 pamene Yale inagonjetsa Army 21 kwa 13. Osewera awiri a Yale, Larry Kelley m'chaka cha 1936 ndi Clint Frank m'chaka cha 1937, analandira motsatizana mphotho ya Heisman, imene imaperekedwa kwa wosewera wopambana onse m'makoleji. M'chaka cha 1949 Levi Jackson anakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera timu ya mpira ya Yale ngati kaputeni.

Koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Yale ndi mayunivesite anzake asanu ndi awiri anasankha njira ina. Anaona kuti mpira wa m'makoleji ukusanduka malonda, ndipo kuti sukulu zina zikutenga anyamata chifukwa cha mphamvu zawo osati maphunziro. M'mapangano a m'chaka cha 1945 ndi 1954, amene anakhazikitsa gulu la Ivy League, anagwirizana kuti sadzalipirira wophunzira sukulu chifukwa chongodziwa masewero, ndiponso kuti matimu awo a mpira sazisewera mipikisano ya kumapeto kwa nyengo. Zotsatira zake zinali zodziwikiratu. Osewera otchuka anayamba kupita ku mayunivesite akuluakulu a boma, makamera a wailesi yakanema anawatsatira, ndipo m'chaka cha 1982 Ivy League inatsikira m'gawo lachiwiri la mpira wa m'makoleji. Lamulo loletsa mipikisano ya kumapeto kwa nyengo linachotsedwa kuyambira m'chaka cha 2025.

Masiku ano bwaloli limadzaza kapena kutsala pang'ono kudzaza pamene kwabwera Harvard, zimene zimachitika kamodzi pa zaka ziwiri, chifukwa matimuwa amasinthana kulandirana. Masewero ena amaoneredwa ndi anthu ochepa amene amangokhala ngati tinyemba pansi pa mbale yaikulu. Nthawi zina bwaloli lalandirapo zochitika zina, monga mwambo wotsegulira masewero a dziko lonse a Special Olympics m'chaka cha 1995. Ena angaone mabenchi opanda anthuwo ngati chizindikiro cha kugwa. Ine ndikuona kuti ndi mtengo umene yunivesite inavomera kulipira posankha kuti ikhale sukulu choyamba. Funso limeneli, lakuti masewero ali ndi malo otani pa sukulu ya ukachenjede, silinathe ku America, kumene makochi a mpira m'mayunivesite ena amalandira malipiro oposa a mkulu wa yunivesiteyo.

Ulendo wa mawu

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Pamene khamu linkachepa ku New Haven, maonekedwe a bwaloli ndi dzina lake zinali zitapita kale kutali.

Poyamba panayenda maonekedwe. Mzinda wa Pasadena m'chigawo cha California unali ndi chikondwerero cha maluwa cha tsiku loyamba la chaka, chotchedwa Tournament of Roses, chimene chinkakhalanso ndi masewero a mpira pakati pa timu ya kum'mawa ndi ya kumadzulo kwa dzikolo. Atafuna bwalo lalikulu, katswiri wojambula mapulani a nyumba, Myron Hunt, anatengera chitsanzo ku Yale. Bwalolo linatha m'chaka cha 1922 ndipo linatchedwa Rose Bowl, ngakhale kuti poyamba linali lotseguka mbali imodzi mpaka m'chaka cha 1928. Okonda mpira wamiyendo akulidziwa bwalo limeneli: ndi pamene Brazil inagonjetsera Italy pa mapenate m'masewero omaliza a World Cup ya 1994. Nayonso yunivesite ya Michigan inatsatira njira yokumba pomanga bwalo lake m'chaka cha 1927, limene lero limalowa anthu 107,601 ndipo ndi lalikulu kuposa onse ku United States. Pa sitepe imeneyi mawu akuti "bowl" anachoka pa bwalo limodzi n'kukhala dzina la mtundu wa bwalo. Kufanana kwa maonekedwe kunali kudakalipo.

Sitepe yachiwiri ndi imene ikutikhudza kwambiri ife a zilankhulo. Kuyambira pa 1 January 1923 masewero a ku Pasadena aja anayamba kuchitikira m'bwalo latsopanoli, ndipo anthu anayamba kuwatchula masewerowo ndi dzina la malo ake. Izi timazichita ifenso tikamanena kuti "bwalo lagamula", pamene tikutanthauza anthu oweruza amene akhala pabwalopo. Dzina la malo laimira chimene chimachitika pamalopo. Tsopano "Rose Bowl" sinalinso nyumba yokha koma mpikisano.

Sitepe yachitatu inadula chingwe chonse. Mizinda ina ya kumadera ofunda, poona alendo ndi ndalama zimene Pasadena inkapeza, inayambitsa mipikisano yawo ya kumapeto kwa nyengo. M'chaka cha 1935 kunayamba Orange Bowl ku Miami ndi Sugar Bowl ku New Orleans, ndipo m'chaka cha 1937 kunayamba Cotton Bowl ku Dallas. Aliyense ankangotenga mbewu yotchuka kwawo, malalanje, shuga kapena thonje, n'kuphatikizapo mawu aja. Sizinalinso kanthu kuti bwalo losewererapo likuoneka ngati mbale kapena ayi. Mawuwa anali atayamba kugwira ntchito ngati mphatikiri wotanthauza kuti "mpikisano waukulu wa kumapeto kwa nyengo". Zoterezi tinaziona ndi maso athu. Watergate ndi dzina la nyumba za mu mzinda wa Washington kumene kunayambira mlandu wa ndale m'chaka cha 1972, koma kachigawo kakuti "gate" kanathothoka n'kuyamba kutanthauza mlandu uliwonse wochititsa manyazi akuluakulu, mpaka kanafika ku Malawi m'chaka cha 2013 m'dzina lakuti Cashgate. Amene amalitchula dzinali saganizako za nyumba ya ku Washington, monganso woonerera Sugar Bowl saganizako za dzenje la ku New Haven.

Sitepe yomaliza inachoka m'makoleji n'kulowa mu mpira wa akatswiri olipidwa. M'chaka cha 1966 maligi awiri, NFL ndi AFL, anagwirizana kuti akatswiri awo azikumana kumapeto kwa nyengo. Lamar Hunt, mwini timu ya Kansas City Chiefs, anayamba kuwatchula masewerowo kuti "Super Bowl", ndipo iye mwini anafotokoza kuti mwina dzinali linamubwerera chifukwa cha kampira kodumphadumpha kamene ana ake ankaseweretsa, kotchedwa Super Ball. Masewero oyamba anachitika pa 15 January 1967, ndipo dzinali linakhazikika mwalamulo pa masewero achitatu m'chaka cha 1969. Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha. Khutu langa lija linalakwa, koma linalakwira pamalo pomwe mawu awiriwa anakumanadi.

Chodabwitsa pa zonsezi n'chakuti timu ya Yale, imene bwalo lake linapereka dzina ku mipikisano yonseyi, sinasewerepo mpikisano ngakhale umodzi wotchedwa "bowl". Harvard inasewerapo masewero a ku Pasadena m'chaka cha 1920, Columbia m'chaka cha 1934, koma mwini mbale sanadyeremo.

Mawu omaliza

Mu nkhani ino taona kuti Yale Bowl inabadwa chifukwa cha khamu limene nsanja za matabwa zinalephera kulisenza, ndipo kuti Charles Ferry anathetsa vutolo pokumba dzenje ndi kuunjika dothi lake m'mphepete. Njira imeneyi inapatsa aliyense poonera pabwino, koma inamana bwaloli zipinda, ndipo zina mwa zosowazo zinasanduka miyambo. Taonanso kuti yunivesite itasankha kuika maphunziro patsogolo, bwaloli linakhala lalikulu kuposa khamu lake, pamene dzina lake linkayenda kuchoka pa chiwiya kupita pa bwalo, kuchoka pa bwalo kupita pa masewero, mpaka kufika pa mpikisano umene umaoneredwa ndi anthu oposa 100 miliyoni chaka chilichonse.

Phunziro limene ndatolapo ndi la kafufuzidwe ka mawu. Dikishonale ikhoza kundiuza kuti "bowl" ali ndi matanthauzo angapo, koma singandiuze chifukwa chake tanthauzo lina linabadwa m'chaka chakutichakuti, pamalo akutiakuti. Kuti ndimvetse zimenezo ndinayenera kudziwa za konkireti, za dothi, za mipita ndi za mapangano a mayunivesite. Mawu athu akuti "bwalo" nawonso ali ndi ulendo wotere: kuchoka pa malo osesedwa a pakati pa mudzi pamene amfumu amaweruzira milandu ndi pamene gule amavinidwira, kufika pa bwalo la milandu la boma, bwalo la zamasewero ndi bwalo la ndege. Sitepe iliyonse ya ulendowu inachitika chifukwa anthu anakumana ndi chinthu chatsopano n'kuchiyerekeza ndi chimene ankachidziwa kale. Ntchito yolondola masitepe amenewo m'Chichewa, ndi zaka zake ndi malo ake, ikutidikira ifeyo.